A ku Mozambique sanatipose chuma, atipose ndalama yokhazikika

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ikumveka m'maminibasi a Limbe ndi Ndirande masiku ano, yoti anzathu a ku Mozambique atisiya kutali. Ine ndimagulitsa nyemba ndi chimanga mumsika wa Limbe, ndipo katundu wanga wambiri ndimakapikula ku Milange kudzera pa Muloza. Zomwe ndinene pano ndadzionera ndekha.

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi malire. Ndili mtsikana, m'zaka za m'ma 1980, ndinkaona anthu akuwoloka mtsinje mitolo ili pamutu, ana ali kumbuyo, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni mpaka pomwe mbali ziwirizo zinasainirana mtendere ku Rome mu 1992. Mayi anga ankawapatsa ganyu wolima, malipiro ake ufa ndi mchere. Lero ine mwana wawo ndimakwera kabaza kupita kwa anthu omwewo kuti andigulitseko chimanga. Mu 2024, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba, chimanga chomwe chinali pabenchi langa chinali cha kwawoko. Sindichita nazo manyazi, paja akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Koma zimandipweteka.

Tsono amene amati ku Mozambique n'kokhuta, ambiri anangodutsa mu Tete ali pabasi ya ku Joni. Anaona milatho pa Zambezi, anamva za damu la Cahora Bassa lomwe limatulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075, anaonanso sitima za malasha a ku Moatize zikudutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Zonsezo n'zoona. Koma tapatukani pamsewu waukulu ku Milange, muyende pang'ono kulowa kumidzi. Mupeza nyumba zaudzu ngati zathu zomwe, koloboyi usiku, ana oyenda mtunda wautali kupita kusukulu. Amayi ambiri oyembekezera amawoloka kudzachira m'zipatala za kuno chifukwa ndizo zili pafupi. Kumpoto kwawo, ku Cabo Delgado, mfuti zakhala zikulira kuyambira 2017, ndipo mu December 2024, zisankho zitavuta, anthu zikwizikwi anathawiranso ku Nsanje. Munthu wokhuta sasiya nyumba yake usiku.

Chomwe atiposa ndi chimodzi, ndipo ndicho chandilembetsa kalatayi. Ndalama yawo ikagona imadzuka ili yomweyo. Kuyambira 2021 metikali yakhala ikusinthidwa pafupifupi 64 pa dola imodzi. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Tsiku la mu November limeneli sindidzaliiwala. Mpamba womwe ndinausonkhanitsa kubanki mkhonde chaka chathunthu unali m'chikwama momwemo, palibe anaukhudza, koma nditafika pamalire osintha ndalama anandipatsa mametikali osakwana n'komwe matumba omwe ndinkatenga kale. Ndinabwerera ku Limbe ndi katundu wochepa, ndinakweza mtengo, makasitomala anga n'kumanditukwana kuti ndine wakuba.

Mayi amene amandigulitsa nyemba ku Milange sandiposa nzeru kapena khama. Koma iye akagulitsa zokolola mu June angathe kusunga ndalamazo n'kudzagula malata mu September, mtengo wake usanasinthe kwenikweni. Ine sindingayerekeze. Ndikagwira ndalama ndimathamangira kugula chilichonse, kaya shuga kaya sopo, kuopa kuti mawa zikwera. Tonse mumsika timatero, ndipo aliyense amaikiratu mtengo wa mawa pa katundu wa lero. Umu ndi momwe mphunzitsi wa ku Chilomoni amapezeka kuti malipiro atha mwezi usanafike pakati, ngakhale anawakweza.

Chifukwa chake sichobisika. Iwo ali ndi zogulitsa kunja zobweretsa madola: malasha, magetsi, ndipo kuyambira 2022 gasi. Nawonso amadandaula kuti madola akusowa m'mabanki, ndipo ngongole yobisa ya madola pafupifupi 2 biliyoni yomwe inaululika mu 2016 inawazunza kwambiri. Komabe mphika wawo uli ndi mafuwa atatu. Ife tikudalirabe fodya, kuwonjezapo tiyi ndi shuga, pomwe mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala zonse timaitanitsa kunja. Ena mwa mafutawo amadzera ku Beira ndi Nacala komweko, ndipo madola akasowa ife timagona pamizere ya mafuta.

Pempho langa kwa aphungu athu a mu Blantyre muno ndi lakuti akakhala m'Nyumba ya Malamulo afunse za nandolo. Nandolo wa ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amapita mpaka ku India. Kodi madola ake onse amabwerera kuno? Nanga bwanji tikumutumizabe wosakonza, pomwe achinyamata akungokhala pa Ginnery Corner opanda ntchito? Afunsenso kuti n'chifukwa chiyani ife ochita malonda ang'onoang'ono sitipeza ndalama zakunja kubanki pa mtengo wa boma. Ine ndayesapo kangapo, amangondiuza kuti ndibwere sabata yamawa, mapeto ake ndimakasintha pansi pa mtengo pomwe amandidula khosi.

Lolemba likubwerali ndinyamukanso m'bandakucha kupita ku Muloza. Ndalama ndamanga kale pachitenje, koma kuti zigula matumba angati ndikadziwira komweko.

Mayi wogulitsa nyemba,
Limbe, Blantyre