Kalata ya Abusa: Ana amene tikusunga apeze kwawo msanga

Okondedwa akulu ampingo, amayi a Mvano, achinyamata ndi Akhristu nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ndikulemba za ana amene tikusunga m'nyumba mwathu koma sitinawabereke. Kuno ku Mulanje alipo ambiri. Ena makolo awo anapita ndi madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ena matenda anawalanda mayi ndi bambo, ena kholo linapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Mwawatsegulira makomo inu eni muli ndi ufa wochepa, ndipo pa ichi ndikuthokoza ndi mtima wonse.

Komabe pali chimene chikundisowetsa tulo. Maliro akatha abale amakhala pansi, mwinimbumba n'kunena kuti mwanayu ayambe wakhala kwa azakhali ake, zina tikambirana. Zinazo sizikambidwa. Njala ikavuta mu Januwale amutumiza kwa agogo, agogo akadwala apite kwa malume kuesiteti, sukulu asintha pakati pa teremu, Sitandade 4 abwereza. Poyendera mabanja ndimaona zovala za mwana wotere zili m'jumbo kuseri kwa chitseko, osazitulutsa, chifukwa sadziwa kuti mwezi wamawa adzagona kuti. Mukamufunsa kuti kwanu n'kuti, amangoyang'ana pansi. Ife akuluakulu zaka ziwiri timati ndi dzana. Kwa mwana wa zaka zinayi ndi theka la moyo wake.

Salimo 68 limatcha Mulungu atate wa ana amasiye, amene amapatsa banja anthu osowa awo. Banja limeneli si la mwezi umodzi ayi.

Ambiri mukamva za khoti mumaganiza za unyolo ndi ndende. Khoti la ana si lotero. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, ndipo chimene woweruza amatsogoza ndi ubwino wa mwanayo. Lamuloli silifuna kuzengereza: mwana wopezeka pangozi akatengeredwa kumalo otetezeka, ayenera kuonekera kukhotili pasanathe maola 48. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mtsikana wa Fomu 2 amene mukuti wakula akuwerengedwa momwemo.

Khomo loyamba ndi ofesi ya Social Welfare paboma. Iwo amabwera kudzaona pakhomo, kucheza ndi mwana, kufufuza abale, n'kulemba lipoti limene khoti limadalira. Khoti likhoza kubweza mwana kwa kholo ngati zinthu zakonzeka, kapena kusankha munthu mmodzi kukhala womuyang'anira mwalamulo. Kwa amene mukufuna kutenga mwana kuti akhale wanuwanu mpaka kalekale, imeneyo ndi nkhani ya khoti basi, kalata ya amfumu payokha sikwanira. Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 25, kholo kapena womusunga avomereze, ndipo khoti limaika munthu woimira mwanayo kuti pasakhale chinyengo.

Musaope kuti boma likulandani mwana. Kumene kuli chikondi ndi chisamaliro, chikalata cha khoti chimangolimbitsa zimene mukuchita kale. Chimatsekanso pakamwa wachibale amene adzatulukire mwana atakula n'kumati ndi wathu, pamene akufuna wantchito wa m'nyumba kapena wothyola tiyi. Ndipo ndinene poyera: kulanda munda, nyumba kapena mbuzi za masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma cha masiye, ngakhale wolandayo akhale mkulu wampingo.

Nkhanizi nthawi zambiri zimachedwa pa zinthu zimene ife tingathe kukonza. Mwana alibe chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika. Wachibale woyenera kuvomereza ali ku Milange m'dziko la Mozambique ndipo palibe amene wamufunafuna. Tsiku la khoti lafika, ndalama ya minibasi palibe, nkhani n'kuimitsidwa.

Choncho ndikupempha akulu ampingo kuti mwezi uno aliyense alembe ana otere a m'dera lake, mwachinsinsi, osawatchula maina pamsonkhano. Amayi a Mvano aperekeze mabanja kuofesi ndi kukhoti, ndipo ndidzapempha bwalo la akulu kuti thumba la zachifundo lizithandiza pa mayendedwe. Mukaona mwana akuzunzidwa musadikire Lamulungu: imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support kupolisi. Amene muli ndi mafunso mundipeze kuvesitili tikatuluka mapemphero.

Ine mbusa wanu.