Lipoti la nthumwi: mmene Houston Astros inadzukira, ndi pamene inapunthwira

A Tcheyamani ndi nonse a m'komiti,

Munatituma ku msonkhano wa oyendetsa matimu a baseball ndi funso limene lakhala likutisowetsa tulo: timu ikamangogonja chaka ndi chaka, ayambe kuchoka ndani, nanga osewera atsopano apezeke bwanji? Tabwerako bwino. Zokambirana zinali zambiri, koma nthawi yaikulu inathera pa timu imodzi, Houston Astros ya ku Texas, kuyambira 2011 mpaka 2020. Ifenso tikhazikika pomwepo.

Mu 2011 Astros inagonja masewero 106 mwa 162. Mu November chaka chomwecho Jim Crane anagula timuyi, ndipo woyamba kumuchotsa sanali kochi. Anachotsa Ed Wade, mkulu wa ku ofesi amene ankagula ndi kugulitsa osewera, n'kulemba Jeff Luhnow wochokera ku St. Louis Cardinals. Kochi Brad Mills anakhalabe mpaka August 2012. Tikupempha kuti muione bwino mfundo imeneyi. Kochi amaphika ndiwo zimene wapatsidwa. Ngati wopita kumsika ndiye akugula zowola, kusintha wophika sikuthandiza kanthu.

Luhnow anayamba ndi kugulitsa osewera akuluakulu a malipiro okwera. Mu July 2012 mokha anachoka Carlos Lee, Brett Myers ndi Wandy Rodríguez, ndipo m'malo mwawo munabwera anyamata osadziwika. Masamu ake ndi awa: wosewera akakwera mu ligi yaikulu, timu imakhala naye zaka 6 asanakhale ndi ufulu wopita kumene akufuna, ndipo kawirikawiri zaka zitatu zoyambirira amalandira malipiro otsikitsitsa a mu ligi. Ndiye ndalama ya mkulu mmodzi amene mphamvu zayamba kumuthera imakwanira anyamata ambiri. Koma walira mvula walira matope. Mu 2012 anagonja 107, mu 2013 anagonja 111, ndipo masewero 15 omaliza a chaka chimenecho anagonja onse motsatizana. Anthu ambiri anasiya kupita kukaonera.

Phindu la kukhala kunsi kwa ligi linali draft, mwambo wa chaka ndi chaka wosankha osewera ochokera kusukulu ndi kukoleji, umene nthawi imeneyo timu yomaliza ndiyo inkayamba kusankha. Apa ndi pamene panali luso lenileni. Kuyambira 2012 timu iliyonse inkaikiridwa thumba limodzi la ndalama zosainira anyamata amene yasankha m'ndime 10 zoyambirira. Malo oyamba anali ndi mtengo wa madola 7.2 miliyoni. Astros inasankha Carlos Correa wa ku Puerto Rico, wa zaka 17, amene anavomera 4.8 miliyoni. Zotsalazo anapatsako Lance McCullers Jr. 2.5 miliyoni ngakhale anasankhidwa pa nambala 41. Matimu ena ankamulumpha poopa kuti apita kukoleji ngati ndalama zichepa. Thumba lomwelo linabala osewera awiri amene patapita zaka zisanu anali m'timu yotenga chikho.

Musaganize kuti zonse zinkayenda chonchi. Mu 2013 anasankhanso poyamba ndipo anatenga woponya mpira Mark Appel, n'kusiya Kris Bryant amene anakakhala katswiri ku Chicago Cubs. Appel sanaseweretseko Astros mu ligi yaikulu ngakhale kamodzi. Mu 2014 anasankha Brady Aiken, madokotala ataona chigongono chake timu inatsitsa mtengo, mgwirizano n'kufera pomwepo. Malamulo anawapepesa ndi malo achiwiri mu 2015, pamene anapeza Alex Bregman. Choncho pa mwayi utatu wosankha poyamba, umodzi wokha ndiwo unabala zipatso mwachindunji.

Nkhani ziwiri zimene zinatigwira mtima kwambiri sizinadye ndalama zambiri. Collin McHugh anali woponya amene matimu awiri anamutaya, asanapambaneko masewero alionse mu ligi yaikulu, atagonja 8. Owerengetsa ziwerengero ku Astros anaona kuti mpira wake wokhota umazungulira mwachangu kuposa wa anzake ambiri, koma sankauponya pafupipafupi. Anamutola mu December 2013, n'kumuuza kuti achulutse wokhotawo ndi kuponya wothamanga cha m'mwamba. Mu 2015 anapambana masewero 19. Koma ofesi yomweyo, mu March 2014, inachotsa J.D. Martinez. Mnyamatayu anali atasintha kamenyedwe kake pa tchuthi ndipo anawauza, koma pokonzekera sizoni anangomupatsa mpata wochepa womenya. Ziwerengero zimene anamuyezera zinali za munthu wakale, osati amene anaima pamaso pawo. Anapita ku Detroit, ndipo mu 2015 anamenya ma home run 38 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo). Wina anatoledwa chifukwa panali woyang'anitsitsa, mnzake anatayidwa chifukwa panalibe womvetsera.

Tisaiwalenso kuti Wade, wochotsedwa uja, sanasiye nkhokwe yopanda kanthu. José Altuve, Dallas Keuchel ndi George Springer onse anali kale m'nyumbamo Luhnow asanafike. Utsogoleri watsopano unachita bwino kusawasesera kunja pamodzi ndi zinyalala. Altuve anamumanga ndi mgwirizano wa zaka zinayi mu July 2013, wa madola 12.5 miliyoni, mtengo wake usanakwere.

Pa za makochi, Bo Porter analowa mu 2013 n'kuchotsedwa mu September 2014, ubale wake ndi ofesi utasokonekera. Wolowa m'malo, A.J. Hinch, anali atagwirapo ntchito ya ku ofesi, ndiye ankamva zinenero zonse ziwiri, cha m'mapepala ndi cha pabwalo. Mu 2015 anapambana 86 n'kulowa m'ndime ya chipulula. Chaka chomwecho anafulumira kugula, napereka anyamata anayi, kuphatikizapo Josh Hader, kuti atenge Carlos Gómez ndi Mike Fiers. Patangotha chaka Gómez anamuchotsa. Kugula kwanzeru kunabwera maziko atalimba: Brian McCann, Josh Reddick, Charlie Morton, kenako Justin Verlander pa 31 August 2017. Chaka chimenecho anapambana 101 ndipo anatenga World Series, chikho chachikulu cha ligiyi, atagonjetsa Los Angeles Dodgers 4-3.

Mbali yotsatirayi ndi yowawa, koma sitingaibise. Mu 2017 osewera a Astros ankaba zizindikiro za adani. Kamera ya kumapeto kwa bwalo inkajambula zala za wowakha mpira akamauza woponya mtundu wa mpira woti aponye. Chithunzi chinkaoneka pa kanema pafupi ndi pokhala osewera, ndipo wina ankamenya bini ya zinyalala kudziwitsa womenya mpira chimene chikubwera. Fiers anaulula mu November 2019. Pa 13 January 2020 ligi inaimitsa Luhnow ndi Hinch kwa chaka, Crane n'kuwachotsa ntchito tsiku lomwelo. Timu inalipira madola 5 miliyoni ndi kulandidwa mwayi wosankha m'ndime ziwiri zoyambirira za draft ya 2020 ndi 2021. Lipoti la ligi linati Hinch sankagwirizana nazo, moti anaphwanyapo kanemayo kawiri, koma sanaitane osewera n'kuwaletsa poyera. Kumsonkhano ena ankafuna kuti chinyengochi chikhale nkhani yapadera, yosiyana ndi ya kumanga timu. Ife sitikuvomereza. Nyumba imene funso lake lili lokhalo lakuti "kodi zitipindulira?" imafika poti palibe wotha kunena kuti ayi.

Za kugonja dala, tikuti tisayerekeze n'komwe. Ife tilibe draft yotilipira tikakhala kunsi, ndipo ngakhale ku America mgwirizano wa 2022 wa ligi ndi osewera unaika maere pa malo 6 oyambirira pofuna kutseka njira imeneyi. Timu ngati yathu ikagonja zaka zitatu, osewera amangomwazikana.

Zimene tikupempha komiti ikambirane ndi izi. Choyamba, ntchito yosaka ndi kusunga osewera ichoke m'manja mwa kochi, ipite kwa munthu wina, ndipo awiriwa azikumana sabata iliyonse. Nkhani yosintha kochi idikire kaye mpaka zimenezi zitachitika. Chachiwiri, pakhale buku limodzi lolembamo masewero aliwonse: woponya aliyense waponya mipira ingati, yamtundu wanji, ingati yalowa, womenya wafika pa base kangati. Kope ndi cholembera n'zokwanira. Chachitatu, wosewera asachotsedwe asanaonedwe ndi anthu awiri pa masewero osachepera asanu a posachedwa, ndipo iye mwini afunsidwe ngati pali chimene wasintha. Pomaliza, pasankhidwe membala mmodzi wosakhala pa benchi amene wosewera angamuuze zachinyengo popanda kuopa kutaya malo.

A Tcheyamani, tikupempha kuti mfundo yoyambayo ikhale pamwamba pa ndandanda ya msonkhano ukubwerawu, chifukwa kalembera wa osewera a sizoni yamawa sangayambe tisanadziwe amene akumuyang'anira.

Ndife anu,
Nthumwi zanu