Nkhuku ya ku Morocco imapsa bwino mumphika wathu wadothi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga ophika m'makomo, makamaka ife a Chichewa okhala kuno ku Harare, za kaphikidwe ka nkhuku kochokera kumpoto kwa Africa kotchedwa tajine. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene ndakhala ndikuwamva kwa amayi anzanga akuti chimenechi ndi chakudya cha kuhotela, chofuna mphika woitanitsa kunja ndi zokometsera zodula. Ine ndikukana, ndipo ndikukana monga munthu amene ndinagwira ntchito yophika zaka 7 pa banja lina la ku Morocco lomwe linkakhala mumzinda muno. Ntchitoyi ndinatengera bambo anga, amene anachoka ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, n'kudzakhala khukhi muno mzindawu ukadali Salisbury.

Dzina loti tajine ndi la mphika, ndipo ndiwo zophikidwamo zinangotengera dzinalo. Mphikawo ndi wadothi, wosazama, wokhala ndi chivundikiro chachitali chosongoka ngati denga la nkhokwe. Ndiwo zikamawira, nthunzi imakwera m'chivundikiromo, ikafika pamwamba pomwe sipatentha kwambiri imasanduka madzi, n'kutsetsereka kubwerera m'ndiwo. Choncho nyama imapsa ndi madzi ake omwe komanso a anyezi, ndipo msuzi umakhala wochepa koma wogwirana. Tsiku loyamba kuona mphikawu ndinakumbukira wa mayi anga wophikira nyemba, umene ankauvundikira ndi mbale yadothi n'kuusiya pamafuwa kuyambira m'mawa. Ngakhale kasamalidwe kake n'kofanana. Abwana anga aakazi ankaviika mphika watsopano m'madzi usiku wonse, kuupaka mafuta n'kuutenthetsa pang'onopang'ono, pomwe mayi anga ankayamba aphikamo phala la gaga kuti usamachuche.

Nkhuku yoyenera ndi yachikuda, imene anzathu kuno amaitcha roadrunner. Ya chizungu, yoleredwa masabata 6 okha, imasasuka ola lisanathe, pamene anyezi asanasungunuke n'komwe. Yachikuda, imene timaidandaula kuti ndi yolimba, ndiyo imapirira moto wa maola awiri kapena kuposerapo, ndipo mafupa ndi khungu lake zimapereka msuzi womata milomo.

Ndimaduladula nkhukuyo madzulo n'kuipaka adyo wosinja, supuni yaing'ono ya jinja waufa, ina ya chikasu, tsabola wakuda pang'ono, masamba a dhania odulidwa ndi mafuta ophikira, kenaka ndimaisiya igone m'malo ozizira. Eni akewo amathiramonso safironi, chokometsera chochokera ku maluwa, koma ndi wodula kwambiri ndipo chikasu chimapereka mtundu womwewo, ngakhale fungo limasiyanako. Mawa lake ndimayala anyezi atatu akuluakulu odulidwa mopyapyala pansi pa mphika, nyama pamwamba pake, ndi theka la kapu ya madzi lothiridwa cham'mbali kuti lisatsuke zokometsera. Ndikavundikira ndimaika pamoto wochepa, woti ukatchera khutu uzingomva kubwata kwapansipansi. Ndimavundukula kawiri kokha, kuti nditembenuze nyama ndi kuona ngati pansi sipakupserera, ndipo pakauma ndimaonjezera madzi otentha masupuni ochepa.

Apa ndipo ife timalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsa poyamba. Tinazolowera kukazinga nkhuku pamoto waukulu, kuthira tomato wambiri ndi madzi mpaka nyama kumira, pofuna kuti msuzi ukwanire banja lonse. Ulendo wanga woyamba kuphika ndekha kwathu ku Mufakose ndinachita zomwezo, ndipo nditaona kuti zikuchedwa ndinakupiza makala, n'kuthira madzi ozizira mumphika wotentha. Ndinangomva kuti "thee!", mphika wang'aluka kuyambira pamlomo mpaka pansi, msuzi wonse n'kuzimitsa mbaula. Dothi silifuna kudzidzimutsidwa. Liyenera kutenthera limodzi ndi moto, ndipo mukaphula musaliike pasimenti yozizira koma pathabwa kapena pansanza.

Chimene chimasiyanitsa kwenikweni nkhuku imeneyi ndi yathu ya masiku onse ndi mandimu osungidwa mumchere, ndipo apa ndikufuna owerenga amvetse bwino, chifukwa m'miyezi yozizira mandimu amangogwa n'kuolera pansi m'mabwalo athu a ku Highfield, Mbare ndi Dzivarasekwa. Mumatsuka ndimu, kuling'amba panayi osafikitsa mpeni kumapeto, kudzaza mchere m'ming'aluyo ndi kulitsindira m'botolo lagalasi loyera. Mukadzaza botolo mumafinyiramo madzi a mandimu ena mpaka onse amire, mutseke, musiye mwezi wathunthu. Mukadzatsegula mudzapeza khoko lafewa, kuwawa kwatha, kwatsala fungo limene simungalipeze m'ndimu laliwisi. Khokolo ndilo timagwiritsa ntchito. Timalitsukako, kulidula timizere n'kuliponya mumphika kwatsala mphindi 20 kuti tiphule, pamodzi ndi zipatso za azitona zodzaza dzanja. Kupatula safironi uja, azitona ndiye chinthu chokha chimene ndikuvomereza kuti chimafuna ndalama, ndipo ine nthawi zambiri ndimaphika popanda iwo, osamva kuti ndiwo zaperewera. Chenjezo ndi lakuti mchere muthire wochepa poyamba, popeza mandimu ndi azitona zimabwera ndi wake.

Ku Morocco ndiwozi amadyera buledi, onse kuzungulira mphika umodzi, aliyense kusunsa mbali yake ndi dzanja lamanja, zimene sizachilendo kwa ife amene tinakula tikudyera m'chipanda chimodzi. Kunyumba kwanga timadyera nsima, ndipo ndikuona kuti msuzi wa anyezi wosungunukawo umagwira bwino mbamu kuposa buledi wa m'sitolo, amene amangonyowa n'kuphwanyika. Palinso ena amene amaphika nkhukuyi ndi sinamoni, uchi ndi zipatso zouma, koma ndiwo zotsekemera sizinalandiridwe pakhomo panga ndipo ndinazisiya.

Kaphikidwe aka n'koyeneranso moyo umene tikukhala. Magetsi amazima tsiku lonse, gasi ndi wodula, koma makala odzaza mbaula kamodzi, owazidwa phulusa pamwamba kuti asalilime, amapsetsa nkhuku yonse popanda munthu kuimirira pomwepo. Nawonso a ku Morocco kwawo amaphika pa kambaula kadothi ka makala. Ndingopempha kuti mbaulayo ikhale panja kapena pakhonde ngakhale kuzizire chotani mu June, chifukwa mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu osamva fungo lililonse.

Chimandipweteka mtima n'chakuti anzathu a ku Morocco aja mphika wawo amaunyadira mpaka kuuika patebulo pamaso pa alendo, pomwe ife wathu tinaukankhira kuseri kwa nyumba kuti nkhuku zizimweramo madzi. Ku Mbare Musika miphika yadothi ikugulitsidwabe, koma yambiri ilibe zivundikiro zokhala bwino, ndipo ine ndimachita kumata m'mphepete ndi ufa wa tirigu wokanda kuti nthunzi isathawe. Ndikupempha amayi oumba mbiya, kuno ndi kumudzi komwe, kuti ayese kuumba mphika wosazama wa chivundikiro chachitali, ndipo inu akonzi mutithandize kufalitsa pempholi pa tsamba lanu la zophika. Amene agule wadothi wopakidwa zonyezimira afunse kaye ngati ndi wophikira, chifukwa ina imapangidwira kukongoletsa nyumba basi ndipo utoto wake ungakhale ndi mtovu. Botolo langa la mandimu a chaka chino ndalitsindira kale, ndipo ndikudikira woumba woyamba amene adzandibweretsere mphika woterowo kuti tidzauyese limodzi.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Mufakose, Harare