Ojambula anzanga, disiki imodzi si nkhokwe

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzanga ojambula zithunzi, komanso alembi a mipingo ndi a makopaletivi amene masiku ano zonse amasunga pa kompyuta, za mmene tingasungire mafayilo athu kuti asatayike.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Dedza, nthawi zina mpaka ku Linthipe ndi ku Lizulu. Zaka zinayi zapitazo kunabwera mayi ena ku situdiyo kwanga. Bambo akunyumba kwawo anali atatisiya, ndipo chithunzi chokhacho chooneka bwino cha malemuwo chinali chimene ndinawajambula pa ukwati wa mwana wawo. Chosindikiza chija chiswe chinali chitadya, ndiye ankafuna china choti aike pa pulogalamu ya mwambo wa chiliza. Ndinatenga disiki imene ndinkasungiramo ntchito yanga yonse, kuilumikiza, koma inkangolira kuti tiki, tiki, tiki. Ndinapita nayo ku Lilongwe, odziwa anayesetsa, zinakanika. Ntchito ya zaka zitatu inathera pomwepo. Ndalama sizinandiwawe kwenikweni ayi. Chinandiwawa n'kuwayang'ana mayi aja n'kunena kuti, "Pepani amayi, palibe." Sanakalipe. Anangoti, "Zikomo bambo, madzi akatayika saoleka," n'kunyamuka.

Mphwanga amene anaphunzira zamakompyuta ndiye anandithandiza. Tinatenga kompyuta yakale yapadesiki imene inkangodya fumbi, tinaikamo Debian (mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga ichitira Windows), n'kugula madisiki awiri a 4 TB iliyonse (TB imodzi ndi ma GB 1,000). Ndi pulogalamu yotchedwa mdadm tinawamanga pamodzi mwanjira imene amati RAID 1. Tanthauzo lake n'losavuta: chilichonse chimene ndasunga chimalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo, moti imodzi ikafa inzake imapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Tinaikanso pulogalamu ya Samba kuti laputopu yanga izitha kuona mafayilowo kudzera pa Wi-Fi. Seva yanga, kutanthauza kompyuta yosungira mafayilo, ndi imeneyo basi, ili pansi pa tebulo kuchipinda. Dzina la RAID linatchuka mu 1988 kuchokera kwa akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, a David Patterson, a Garth Gibson ndi a Randy Katz. Ganizo lawo linali lakuti madisiki ang'onoang'ono otchipa, akagwirizana, angathe kuposa chidisiki chimodzi chodula. Ganizo lotere ndi lathu ife a m'matumba mopepuka.

Wogulitsa madisikiwo anandidabwa. Amvekere, "Achimwene, mwalipira 8 TB koma muzigwiritsa ntchito 4 yokha, si kutaya ndalama kumeneko?" Iye ankati ndichite RAID 0 kuti malo akhale onse komanso liwiro lichuluke. Anzanga, imeneyo musayerekeze. RAID 0 imadula fayilo n'kuigawa pa madisiki awiriwo, ndiye imodzi ikangofa zonse zapita, ngakhale inzakeyo ili bwinobwino. Iliponso RAID 5, yofuna madisiki osachepera atatu: atatu a 4 TB amakupatsa 8 TB ndipo imapirira imfa ya disiki imodzi. Ine sindinaifune. Pa RAID 1 disiki iliyonse ili ndi zonse payokha, moti kompyuta itapsa ndikhoza kuzula imodzi n'kukaiwerenga pa makina ena a Linux. Kwa munthu amene si katswiri, zimenezi n'zofunika kuposa malo ochuluka.

Chaka chatha zinaoneka phindu lake. Lolemba lililonse ndimatsegula fayilo yoonetsa mmene madisiki alili yotchedwa /proc/mdstat, pamene pamaoneka [UU] ngati madisiki onse ali moyo. M'mawa wina m'mwezi wa June, kukuzizira monga mudziwira kwathu kuno, ndinapeza [U_]. Imodzi inali itafa mwakachetechete, ine osadziwa, ntchito ikuyenda. Apa mpamene ambiri amagwera: amamanga RAID n'kuiwala, disiki yoyamba n'kufa osazindikira, kudzadzidzimuka yachiwiri itatsatira. Ndinagula ina, tinaiika, ndipo kukopera kunatenga usiku wonse. Usiku umenewo sindinagone tulo tabwino, chifukwa nthawi yonseyo disiki yotsalayo imakhala ikuwerengedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ngati nayonso yatopa, mpomwe imagwera. N'chifukwa chake mphwanga anakana kuti tigule madisiki opangidwa limodzi, tsiku limodzi. Mapasa otere amakonda kukalamba limodzi.

Komabe chimene chandilembetsa kalatayi n'china. Ndamva anzanga ena akunena kuti, "Ine ndili ndi RAID, sindidandaula." Ayi ndithu. Madisiki awiri m'bokosi limodzi ali ngati matumba awiri a chimanga m'nyumba imodzi. Lina likabooka, linalo likupulumutsa, inde. Nanga nyumba ikapsa? Nanga akuba akathyola? Ukafufuta foda molakwitsa, imafufutika konsekonse m'kuphethira kwa diso. Vayirasi ikaononga mafayilo, RAID imakopera kuonongekako mokhulupirika pa disiki inzake. Ndiye pali mphenzi. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Dedza akudziwa mmene kumachitira mvula zoyamba zikafika, ndipo madisiki onse awiri amadya magetsi pa chingwe chimodzi. Ndinagula kabokosi ka batire kotchedwa UPS kuti magetsi akathima mwadzidzidzi seva izizima mwaulemu, osati kudukizidwa ili m'kati molemba, koma kukayamba kugunda ndimazula mapulagi onse kukhoma, osadalira kanthu.

Tsono ndili ndi disiki yachitatu, ya USB, imene sigona m'nyumba mwanga. Imakhala kwa alongo anga ku Bembeke, m'kachikwama, pamwamba pa kabati. Kutha kwa mwezi ndimakaitenga, kukoperamo zatsopano ndi pulogalamu yotchedwa rsync, n'kuibweza. Ndisanaibweze ndimatsegula zithunzi zingapo zakale kuti nditsimikize kuti zikutseguka. Ena amati bwanji osangoika pa intaneti. Google imapereka 15 GB yaulere, pamene ukwati umodzi wokha umandidyera kuposa pamenepo kawiri kapena katatu, osanena za bandulo yotumizira. Kumeneko ndimaikako zosankhika zochepa, makamaka nkhope za akuluakulu a banja.

Kwa inu okonza maukwati, mukamakambirana mtengo ndi wojambula mufunseninso kuti zithunzi zanu akazisunga pati, ndipo malo angati. Tsiku lolandira zithunzi mupite ndi fulashi yanuyanu, ndipo ina mukasiye kwa ankhoswe.

Wojambula zithunzi,
Dedza Boma