Kalata ya agogo kuchokera ku miyala yobooka ya ku Utah

Mdzukulu wanga, mwamuna wanga wamng'ono,

Ndiye akuti Loweruka lino ukukwanitsa zaka 7! Dzino lija linkagwedera pamene ndinkanyamuka linatuluka? Anakuzula ndani, amayi ako kapena unalimba mtima wekha? Khanda la amalume ako likukula bwino, layamba kuseka, koma usachite nsanje, mwamuna wanga ndiwe basi.

Tamvera zimene ndaona kuno. Amalume ako anakana zoti ndidzabwerere kumudzi nditangoona m'nyumba ndi kutchalitchi. Tinanyamuka ku Salt Lake City, mzinda wa m'chigawo cha Utah kuno ku America, m'mamawa, maola ngati 4 pagalimoto, mpaka kukatauni kotchedwa Moab, m'mbali mwa mtsinje wa Colorado. Chapafupi pomwepo pali paki ya Arches. Ndi chipululu, mwanawe. Timitengo take n'tatifupi topindikapindika, udzu wa apo ndi apo, kwinako miyala yokhayokha yofiira psuu. Ndiye miyalayo ndi yobooka! Ina ili ndi mazenera, ina makomo akuluakulu, thambo n'kumaonekera mbali inayo. Yotereyi ilipo yoposa 2,000, ndipo palibe anaikhudzapo ndi nyundo.

Ndikudziwa ufunsa kuti nanga anaiboola ndani, paja iwe mafunso sakuthera. Ndi madzi. Mwalawo ndi mchenga umene unagwirana kalekale, ukaukhula ndi chala timchenga timatsalira pachalapo. Pansi pake penipeni pali mchere wambiri umene nyanja inausiya itaphwa, ndipo mcherewo posuntha unang'amba miyala yapamwamba. Inde, mchere weniweni, koma usakayambe kukumba kuseri kwa khola. Tsono mvula ikagwa, ngakhale kuno imagwa yochepa, madzi amalowa m'ming'alu muja. Nyengo yachisanu amaundana usiku, ndipo madzi akaundana amafufuma n'kukankha mwala. Kachibenthu kagwa, mphepo yasesa, chaka china kenanso kagwa, mpaka bowo latulukira. Kodi kumeneko mvula yaopseza kale? Denga la khitchini analikonza?

Koma nkhani ndi ya khwangwala. Tinakhala pamthunzi wa thanthwe kuti tipume, ine ndinaika chikwama changa pambali, muli mandasi amene ndinakazinga usiku. Kenaka phaa, khwangwala watera. Si ngati wathu uja wovala kolala yoyera ayi. Uyu ndi wakuda bii thupi lonse, wamkulu, wa nthenga zanyankhalala pakhosi, mlomo wonenepa. Anayamba wayenda uku ndi uku monyang'wa, osayang'anako chikwama, kukhala ngati wabwerera zina. Atola kamwala, ataya. Apendeka mutu, andiyang'ana ndi diso limodzi, atembenuka, andiyang'ananso ndi linalo. Ine n'kumuuza m'Chichewa kuti choka apa, iye n'kuyankha kuti khroo, mawu okhuthala ochokera pansi pa mmero.

Amalume ako atandiitana kuti andijambule, ndinangoyenda mapazi ochepa. Pocheuka, mnzako uja ali pachikwama, waponda ndi phazi limodzi, mlomo wagwira kachingwe ka zipi, akukoka! Akoka, apuma, akokanso, zipi n'kutseguka ndikuona. Analowetsa mutu wonse, n'kutuluka ndi ndasi lathunthu. Ndinathamanga ndikukupiza chitenje, iye sanafulumire n'komwe, anadumpha kawiri kenaka n'kuuluka kukatera pamwamba pa mwala, pomwe panali mnzake akudikira. Paja amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, koma ameneyu mantha sawadziwa. Oyang'anira paki amaletsa kudyetsa nyama ndi mbalame chifukwa zikazolowera chakudya cha anthu zimavutitsa. Nanga ine ndinam'dyetsa? Anachita kundibera. Ukuganiza kuti mandasi anga anawakonda? Anam'gawirako mnzake uja, kapena ndi womana ngati munthu wina amene ndikum'dziwa?

Mwala wotchuka kwambiri ndi Delicate Arch. Waima wokha pamiyendo iwiri pamwamba pa thanthwe, kutalika kwake mamita 16, ndipo chithunzi chake chili pa nambala za galimoto zambiri za ku Utah. Kukafika pamenepo ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 5, chitunda, mthunzi wosowa. Maondo angawa anakana, ndinauonera patali pamalo amene anakonzera ife okalamba. Poyambira njirayo pali zithunzi zimene anthu a mtundu wa Ute anagoba pamwala, anthu okwera pa akavalo ndi nkhosa zakutchire za nyanga zopota. Ndinakumbuka zojambula za makolo athu ku Chongoni. Uwauze amayi ako adzakutengere, Dedza si kutali.

Wina ndi Landscape Arch, wautali pafupifupi mamita 90, ungotsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira, koma woonda pakati mochititsa mantha. Mu 1991 chibenthu chachikulu chinagwa kuchokera pamenepo anthu akuona, ndipo masiku ano salola kupita kunsi kwake. Wina wotchedwa Wall Arch unagwa wonse usiku mu 2008. Madzi omwe aja amene amaboola ndi amenenso amagwetsa. Kukwera pamwamba pa makomo amenewa n'koletsedwa, ndipo ine ndinagwirizana nazo kwambiri. Ndamva kuti wayamba kukwera mtengo wa mango wakuseri uja mpaka kunsonga. N'zoona? Mango ake akadali osapsa, ukufunako chiyani? Nthambi ya kumbali ya chimbudzi ija inafumbwa, usaipondenso, wamva? Ndipo dzuwa la Okutobala lino uzimwa madzi, usamadikire kuti akuuze.

Kamwala kofiira sindinakutolere, salola kutenga ngakhale kamodzi. Mphatso yako ilipo, ili m'sutikesi, ndipo sindikuuza. Iwe undijambulire khwangwala atanyamula ndasi, amayi ako atumize pa WhatsApp, ndione ngati wam'khoza mlomo. Nkhuku yanga yamawanga ija inaswa anapiye angati? Uwapatse moni amayi ako ndi achemwali ako, ndipo keke ukawagawireko anzako.

Ndine,
Agogo ako