Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Pennsylvania: linga la Ligonier ndi anthu amene ankalidyetsa

Olemekezeka Bwanamkubwa,

Ndikulemberani nditangobwera kumene kuchokera ku Fort Ligonier, linga la mitengo lomwe analimanganso pamalo ake akale m'mphepete mwa mtsinje wa Loyalhanna. Ndinaima pafupi ndi zipika zosongoka zomwe zinkatchinga adani, kenako ndinalowa m'nyumba yosungira katundu. Ndili mmenemo ndinazindikira kuti lingali kwenikweni linali nkhokwe, ndipo mizinga inalipo kuti ilondere ufa.

Mu 1755 asilikali a Edward Braddock, mkulu wa asilikali a Angerezi, anagonja momvetsa chisoni akupita kukalanda kwa Afalansa Fort Duquesne, linga lomwe linali poyambira mtsinje wa Ohio, pamene pali mzinda wa Pittsburgh lero. John Forbes, mkulu wina wa asilikali a Angerezi, anatolapo phunziro. Mu 1758 analamula kuti alambule msewu watsopano wodutsa mapiri a Allegheny, ndipo ankati akayenda mtunda ndithu, amange linga loti asungemo chakudya ndi wonga. Ligonier ndilo linali lomaliza, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Fort Duquesne. Forbes mwiniwakeyo anali wodwala kwambiri, moti ankamunyamula pamachira omangirira pakati pa akavalo awiri. Asilikali ake pafupifupi 6,000 ankadya tsiku lililonse, ndipo thumba lililonse la ufa linkakwera phiri la Laurel Hill pa ngolo kapena pamsana pa kavalo, mumsewu wamatope ndi zitsa zokhazokha.

Pa 12 Okutobala 1758 Afalansa ndi anzawo a mitundu ya eni nthaka anaukira lingali. Sanathe kulilanda, koma pobwerera anatenga akavalo, chifukwa ankadziwa pomwe panali moyo wa gulu lankhondolo. Iwonso njala inali itawagwira pakhosi, pakuti Fort Frontenac, linga lawo la ku nyanja ya Ontario kumene kunkadzera katundu wawo, inali itagwa mu Ogasiti. Kumapeto kwa Novembala anawotcha okha Fort Duquesne n'kuthawa.

Ambiri amakumbukira Ligonier chifukwa cha George Washington, amene asilikali ake anawomberana ndi anzawo mwangozi kuli chisisira pa 12 Novembala. Nkhaniyo ndi yoona ndipo iyenera kukambidwa. Koma mtima wanga uli pa mlimi amene anasiya munda wake n'kupereka ngolo ndi akavalo, ndi pa amayi amene ankachapa zovala za asilikali ndi kusamalira odwala. Amenewa mayina awo sitiwadziwa ambiri, chonsecho popanda iwo palibe akanafika ku mtsinje wa Ohio.

Palinso china chimene chikundiwawa koposa. Mwezi womwewo wa Okutobala 1758, pa pangano limene Angerezi anachita ndi eni nthaka ku Easton, mu Pennsylvania, eni nthakawo analonjezedwa kuti azungu sadzakhazikika kumadzulo kwa mapiri. Mawuwo atafika ku Ohio, a Lenape ambiri, mtundu umodzi wa eni nthaka, anawasiya Afalansa, ndipo njira ya Forbes inatseguka. Angerezi atafika sanachokenso. Anamanga Fort Pitt pafupi ndi pamene panali Fort Duquesne, ndipo msewu womwewo wa ufa unakhala njira ya odzalanda minda. Mu 1763, pa nkhondo ya Pontiac, mtsogoleri wa mtundu wa Ottawa, eni nthaka anaukiranso Ligonier kuti Fort Pitt isalandire chakudya. Henry Bouquet, amene ankatsogolera asilikali a Angerezi opita kukapulumutsa Fort Pitt, anasiya ngolo zake palingali n'kusenzetsa akavalo matumba a ufa, ndipo ku Bushy Run pa 5 ndi 6 Ogasiti anaunjika matumba omwewo kuti atchinjirize ovulala. Pofika 1766 asilikali analisiya lingali, ntchito yake itatha.

Pempho langa, Bwana, n'lakuti mugwiritse ntchito udindo wanu kulimbikitsa bungwe la Pennsylvania Historical and Museum Commission, lomwe limaika zikwangwani za mbiri m'misewu, kuti m'njira yonse ya Forbes, kuyambira ku Carlisle kudzera ku Bedford mpaka ku Pittsburgh, pakhale mawu okwanira onena za oyendetsa ngolo ndi amayi aja, ndiponso za lonjezo la ku Easton ndi mmene linathyoledwera. Polemba mawuwo muitane a Lenape ndi a Shawnee, amene ambiri mwa iwo lero ali kutali ku Oklahoma, kuti adzanene okha zimene msewuwu unawachita. Muthandizenso sukulu zopanda ndalama zoyendera kuti ana azifika palingali, adzalowe m'nkhokwe ija ndi kuyeza ndi maso awo kutalika kwa Laurel Hill.

Ine wanu mwaulemu,
Wokonda mbiri ya msewu wa Forbes