Chingwe cha kampango chimadukira pamfundo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi asodzi anzanga a mbedza, makamaka achinyamata amene akugula chingwe pongoona mtengo.

Mwezi watha usiku, pafupi ndi chilumba cha Namalenje kuno ku Senga Bay, kampango wamkulu anameza usipa wanga n'kuthawira m'miyala. Ndinamukoka mpaka pafupi ndi bwato, kenako chingwe chinangopepuka. Nditayang'ana ndi tochi, kunsonga kunali kopiringizika ngati mchira wa nkhumba. Mfundo ndi imene inasomphoka.

Pansi pa miyala pamafunika nayiloni yokhuthala, ya 0.80 mm, yotalika mkono umodzi kapena iwiri kumbali ya mbedza, pomwe chingwe cha kumtunda chikhoza kukhala cha 0.45 mm. Vuto lili polumikiza ziwirizi. Mfundo yomangira thumba la ufa singagwire, chifukwa chingwe chowonda chimatsetsereka pa chonenepacho.

Mfundo imene ndimaikhulupirira tsopano ndi ya Albright. Mupinde chokhuthalacho ngati chilembo cha U, mulowetse chowondacho pakati, muchizunguze kakhumi pa chopindidwacho mobwerera kumapindiko, ndipo chitulukire mbali yomwe chinalowera. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Musanakoke, nyowetsani ndi malovu, chifukwa nayiloni youma ikakhuzana imatentha n'kufooka. Kokani pang'onopang'ono mpaka mizere ifole bwino.

Ndikupemphanso ogulitsa m'misika kuti asamachotse chingwe pa chikulungo chake cholembedwa makilogalamu amene chingwecho chingapirire. Chokhalitsa padzuwa chimafumbwa, ndipo ife timadzachizindikira tili kale pakati pa nyanja.

Msodzi wa mbedza,
Senga Bay, Salima